Chingwe chogona pansi pa nyanja: njira imene intaneti imadzera powoloka makontinenti

Lamlungu pa 12 May 2024 intaneti inayamba kukwawa ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda. Uthenga wa pa WhatsApp unkangokhala ndi kawotchi kaja, chithunzi n'kumazungulira osatseguka. Pamsika wina ndinaona mnyamata akutulutsa simukhadi, kuipukuta pamalaya, kuibwezera, kenako n'kukweza foni m'mwamba kufuna netiweki. Netiweki inalipo ndithu, timizere tonse tinali todzadza. Chimene chinasowa chinali kutali kwambiri ndi iye: pansi pa nyanja ya Indian, kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, zingwe ziwiri zotchedwa EASSy ndi SEACOM zinali zitaduka.

Nkhaniyi itamveka, ambiri anadabwa. Ankafunsa kuti, kodi intaneti si imadutsa m'mlengalenga? Nanga chingwe cha m'nyanja chikutikhudza bwanji ife amene tilibe ndi doko lomwe? Funsoli n'lomveka, chifukwa foni imene tagwira m'manja ilibe nthambo iliyonse. Komatu ulendo wa m'mwamba ndi waufupi zedi. Umayambira pafoni n'kuthera pansanja ya netiweki imene ili pafupi, mwina makilomita ochepa okha. Kuchoka apo uthenga umatsikira m'zingwe zapamtunda, ndipo ukafuna kupita ku London, ku Mumbai kapena ku New York, umalowa m'madzi. Pa mauthenga 100 alionse owoloka kuchoka kontinenti ina kupita ina, oposa 95 amadzera m'zingwe zogona pansi pa nyanja. Zingwezi zilipo zoposa 500, ndipo kuziphatikiza zonse zimapitirira makilomita 1 miliyoni.

Mukachigwira m'manja

Munthu akamva kuti chingwe chimodzi chikunyamula mauthenga a mayiko angapo, amaganiza chinthu chachikulu ngati paipi yobweretsa madzi mumzinda. Sichoncho. Kumalo akuya a nyanja, chingwechi n'chonenepa ngati paipi yothirira dimba, masentimita 2 kapena kucheperapo. Mutha kuchizunguliza ndi zala ziwiri.

Ndipo gawo limene limagwira ntchito yeniyeni ndi laling'ono kuposa pamenepo. Pakatikati pali timaulusi tagalasi, kalikonse kowonda ngati tsitsi la m'mutu. Timaulusiti ndito timatchedwa faiba. Zina zonse zozungulira ndi zovala zake: mafuta olimba otchinga madzi, nthambo zachitsulo zopereka mphamvu kuti chisaduke pochikoka, kapaipi ka kopa konyamula magetsi, ndi pulasitiki yochindikala kunja. Kufupi ndi gombe, kumene kuli maboti, anangula ndi miyala, amachiveka nthambo zachitsulo zina, nthawi zina mizere iwiri, mpaka chimafika ngati mkono wa munthu. Kukuya kwenikweni chimagona pamatope chili chopepuka, poti kumeneko kulibe chochisokoneza kwambiri.

Kuya kwake n'kovuta kukuyerekeza. Nyanja ya Malawi pamalo ake akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ili pamamita 3,002. Zingwe zowoloka nyanja ya Atlantic zimagona pamamita 4,000 kapena 5,000, kutanthauza kuti phiri lonse la Mulanje litaikidwa pamenepo likhoza kumira, pamwamba pake n'kutsala madzi ochuluka. Kumeneko kuli mdima wandiweyani ndi kuzizira, ndipo chingwe chimapangidwa kuti chikhale zaka pafupifupi 25 osakhudzidwa ndi dzanja la munthu.

Kuwala kumanyamula bwanji mawu

Chilichonse chimene timatumiza pa intaneti, kaya ndi mawu, chithunzi, nyimbo kapena ndalama, kompyuta imachisandutsa manambala awiri okha, 0 ndi 1. Taganizani anthu awiri ali kutsidya lina ndi lina la mtsinje usiku, atagwirizana kuti kuyatsa tochi ndiye 1, kuzimitsa ndiye 0. Atha kuuzana nkhani yonse popanda kufuula. M'chingwe zimachitika chimodzimodzi, kungoti tochi yake ndi leza, kuwala kwamphamvu kopita mbali imodzi kosamwazika, ndipo kusintha kwake kumachitika maulendo mabiliyoni pa sekondi imodzi.

Kuwalako sikuthawira kunja chifukwa ulusi uli ndi magalasi awiri, lamkati ndi lakunja, opangidwa mosiyana pang'ono. Kukafuna kutuluka kumagunda malire a awiriwa n'kubwerera mkati, monga madzi amatsata ngalande ngakhale ikhote. Galasi lake ndi loyera kwambiri kuposa la pawindo. Munthu amene anaonetsa kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali ndi Charles Kao, m'chaka cha 1966, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Chingwe choyamba cha faiba chowoloka Atlantic, TAT-8, chinayamba kugwira ntchito mu 1988.

Mu ulusi wotere kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, liwiro lokwanira kuzungulira dziko lapansi kasanu m'sekondi imodziyo. Kuonjezera apo, ulusi umodzi sunyamula kuwala kwa mtundu umodzi wokha. Akatswiri amalowetsamo mitundu yambirimbiri nthawi imodzi, uliwonse ndi katundu wake, monga mawayilesi ambiri amaulutsira mawu m'mlengalenga momwemo koma osasakanikirana. Ndicho chifukwa chake chingwe chowonda chimanyamula zochuluka chonchi. Chingwe cha 2Africa, chozungulira kontinenti ya Africa, chinakonzedwa kuti pamalo ena chizinyamula materabiti 180 pa sekondi. M'chiyankhulo cha ogula mabandulo, amenewo ndi mabandulo a 1GB okwana 22,500 pa sekondi iliyonse.

Koma kuwala kumatopa. Kukayenda makilomita makumi angapo kumayamba kuzirala, ndipo kutasiyidwa choncho kungafike kutsidya kusakuwerengeka. Choncho pa makilomita 50 mpaka 100 alionse, mtunda wofanana ndi wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba kapena kupitirirako, pachingwe pamakhala chotupa chachitsulo cholemera ma kilogalamu mazana angapo. Akatswiri amachitcha repeater, ndipo ntchito yake n'kukoleza kuwala kuja kuti kupitirize ulendo kuli kwamphamvu. Makinawa amafuna magetsi, ndipo pansi pa nyanja palibe polumikiza. Magetsiwo amachokera kumtunda, kudzera m'kapaipi ka kopa kaja, pamphamvu yotha kupitirira mavolti 10,000, pomwe m'nyumba zathu timagwiritsa ntchito 230. Amawalowetsa kuchokera mbali zonse ziwiri za nyanja, kuti mbali ina ikazima inayo isenze mtolo wonse. Ineyo pa zonsezi chimene chimandigometsa kwambiri n'chimenechi: makina ali mumdima, makilomita masauzande kuchokera kugombe, akuyaka usana ndi usiku kwa zaka zambiri popanda wokawapukuta fumbi.

Kuyala chingwe

Ntchito imayamba ndi kufufuza njira. Pansi pa nyanja pali mapiri, zigwa ndi maphompho ngati kumtunda, ndiye sitima yofufuza imayamba yadutsa, kujambula mapu a pansipo pogwiritsa ntchito mawu obwerera, kuti chingwe chipewe matanthwe akuthwa, malo ogumuka ndi kumene asodzi amakokera makoka. Kenako fakitale imapanga chingwe mogwirizana ndi njirayo, gawo lino lovala chitsulo, gawo lija lopepuka. Makampani odziwika pantchitoyi ndi ochepa: SubCom ya ku America, ASN ya ku France, NEC ya ku Japan ndi HMN Tech ya ku China.

Kupakira chingwe m'sitima kumatenga milungu. Chimalowa m'matanki akuluakulu ozungulira, ndipo anthu amayendamo akuchipinda bwinobwino mzere ndi mzere, monga mayi amayalira nkhata, kuti potuluka chisakolane. Sitima ikanyamuka imachitsitsa pang'onopang'ono kumbuyo kwake, pa liwiro la njinga yakapalasa. Akachikoka kwambiri chimalendewera pakati pa zitunda za pansi n'kuyamba kuperepeseka, akachilekerera chimapotana. Kumadzi osaya amakoka pulawo yaikulu pansi pa nyanja, imene imang'amba mchenga, kuika chingwe mita imodzi kapena awiri pansi, mchenga n'kubwerera pamwamba. Pamenepo sitima imayenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapansi.

Pofika pagombe chingwe chimayandamitsidwa ndi mabaluni, maboti ang'onoang'ono n'kuchikokera kumchenga, osambira n'kumadula mabaluniwo kuti chikhale pansi. Chimalowa m'dzenje lasimenti, n'kupitirira mpaka m'nyumba yolandirira chingwe, imene kunja kwake imaoneka wamba, yopanda mawindo ambiri, koma yotetezedwa kwambiri. M'menemo ndimo mauthenga amasiyira njira ya m'madzi n'kulowa m'zingwe zapamtunda.

Kuchoka ku Angola kukafika ku Brazil

Chitsanzo chabwino cha chifukwa chimene anthu amavutikira kuyala chingwe chatsopano ndi cha SACS, chimene chinatsegulidwa mu 2018. Chimachoka pa Sangano, kumwera kwa Luanda ku Angola, n'kuwoloka Atlantic mpaka mumzinda wa Fortaleza ku Brazil, mtunda wa makilomita oposa 6,000. Kumeneko n'kuyenda kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre maulendo pafupifupi 20. Mwini wake ndi kampani ya Angola Cables, ndipo anachiyala ndi a NEC.

Mayiko awiriwa amayang'anizana, ndipo onse amayankhula Chipwitikizi. Komabe chingwechi chisanabwere, uthenga wochoka ku Luanda kupita ku Brazil kawirikawiri unkayamba wakwera kumpoto mpaka ku Ulaya, kuwoloka kupita ku North America, kenako n'kutsika kumwera. Zili ngati munthu wa ku Mchinji wofuna kukaona m'bale wake ku Chipata atayamba wadzera ku Blantyre ndi ku Tete. Ngakhale kuwala kuli ndi liwiro, mtunda ukatalika kuchedwa kumamveka: mukamaimbirana foni ya kanema, mnzanu amayankha mutayamba kale kunena china. Kudzera pa SACS, uthenga umapita ku Fortaleza n'kubwerako m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi.

Kuzungulira kudzera ku Ulaya kuja kuli ndi mbiri yake. Chingwe choyamba chowoloka Atlantic chinayalidwa mu 1858 pakati pa Ireland ndi chilumba cha Newfoundland, chomwe lero chili ku Canada, ndipo chinkanyamula matelegalamu. Uthenga wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain wopita kwa Pulezidenti James Buchanan wa ku America, wa mawu 98, unatenga maola pafupifupi 16 kuti ufike wonse, ndipo patangopita milungu yochepa chingwecho chinafa. Chokhalitsa chinayalidwa mu 1866 ndi sitima ya Great Eastern. Pofika 1879 chingwe cha telegalamu chinali chitatsika gombe la kum'mawa kwa Africa, kuchoka padoko la Aden, lomwe lero lili ku Yemen, kudzera ku Zanzibar ndi ku Mozambique mpaka ku Durban. Njira zonsezi zinkaloza ku London, kulikulu la ufumu wa atsamunda, ndipo zingwe za intaneti zitabwera zambiri zinatsata mapazi omwewo. Zolumikiza mayiko a kumwera okhaokha n'zatsopano. Mu 2024 kampani ya Google inalengeza za njira yotchedwa Umoja, yochoka ku Kenya pamtunda kudzera ku Uganda, Rwanda, DR Congo, Zambia ndi Zimbabwe mpaka ku South Africa, kenako n'kuwoloka nyanja ya Indian kukafika ku Australia.

Chimadula n'chiyani

Chaka chilichonse zingwe za m'nyanja zimawonongeka maulendo pakati pa 150 ndi 200. Ambiri amathamangira kutchula nsomba za shaki, koma zimenezo n'zosowa kwambiri. Zowononga zenizeni ndi ntchito za anthu: makoka okhwekhwereza pansi ndi anangula a sitima. Pa kuduka kutatu kulikonse, kuwiri kumachokera kumeneko. Kotsalako ndi zivomezi, kugumuka kwa nthaka ya pansi pa nyanja ndi kukalamba kwa zipangizo.

Kumene mtsinje wa Congo umathirira mu Atlantic kuli chigwa chachikulu cha pansi pa madzi. Mtsinje ukasefukira, matope amaunjikana kenako n'kutsetsereka mwamphamvu m'chigwamo, ndipo mu January 2020 komanso mu August 2023 zingwe za WACS ndi SAT-3 zinaduka m'dera limeneli. Pa 14 March 2024 zingwe zinayi zinaduka kufupi ndi Côte d'Ivoire, mayiko ambiri a kuzambwe kwa Africa n'kukhala pamavuto. Ku Tonga, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific limene linali ndi chingwe chimodzi chokha cholilumikiza kunja, phiri linaphulika pansi pa nyanja pa 15 January 2022, ndipo anthu anakhala milungu isanu akudikira kuti chikonzedwe. Masiku ano palinso nkhawa ya kudula mwadala, makamaka zitachitika za m'nyanja ya Baltic kumapeto kwa 2024, ngakhale kusiyanitsa ngozi ndi chiwembu pansi pa madzi kumavuta. Malamulo oteteza zingwezi ndi akale: pangano loyamba linasainidwa ku Paris mu 1884.

Nthawi zambiri chingwe chikaduka sitidziwa n'komwe, chifukwa makampani amapatutsira mauthenga kunjira zina. Nanga mu May 2024 zinavutiranji chonchija? Chifukwa miyezi itatu m'mbuyomo, mu February, zingwe zitatu zinali zitaduka kale m'Nyanja Yofiira, pamene pamadutsa njira yochoka kum'mawa kwa Africa kupita ku Ulaya, ndipo zinali zisanakonzedwe. Njira ya kumpoto inali yolemala, kenako ya kumwera n'kudukanso. Aliyense amene anayendapo m'nyengo ya mvula, mlatho wa pamsewu wa M1 utakokoloka pomwe msewu wa m'mbali mwa nyanja nawo uli woduka, akudziwa zimene zimachitika pakanjira kotsalako.

Kusoka galasi pamafunde

Kukonza kumayambira kumtunda. Akatswiri amatumiza kuwala m'chingwe choduka n'kuwerengera nthawi imene kwatenga kuti kubwerere kuchokera poduka paja, monga munthu amaponyera mwala m'chitsime n'kumvetsera kuti adziwe kuya kwake. Akatero amadziwa kuti bala lili pa kilomita yakutiyakuti.

Kenako pamafunika sitima, ndipo apa ndi pamene masiku amathera. Sitima zoyala ndi zokonza zingwe padziko lonse sizifika 100, ndipo zambiri n'zakale. Imene imadziwika kwambiri m'magombe a Africa ndi Léon Thévenin, ya kampani ya Orange Marine, yomwe imakhala ku Cape Town. Inamangidwa mu 1983. Iyenera kupakira chingwe chapadera, kupeza chilolezo cha dziko limene madziwo ndi ake, kuyenda masiku angapo, ndiponso kudikira kuti nyanja ichite bata.

Ikafika, kumadzi osaya amatsitsa makina oyendetsedwa kuchokera m'sitima, okhala ndi makamera. Kukuya amaponya mbedza yaikulu yachitsulo n'kuikhwekhwereza pansi modutsa njira ya chingwe mpaka ikole. Kungotsitsa mbedzayo n'kuikweza kumatha kudya tsiku lathunthu. Akakweza mbali imodzi amadula gawo lowonongeka, kuimata kuti madzi asalowe, n'kuimangirira pachoyandama. Amakasaka mbali inayo, n'kuilumikiza ku chingwe chatsopano. M'kachipinda koyera m'sitimamo mmisiri amasenda zovala zonse zija mpaka atafika patimaulusi, n'kumawotcherera kamodzikamodzi, galasi kugalasi, mosaphonya ngakhale pang'ono, uku sitima ikuyendayenda ndi mafunde. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mfundo imodzi yokha imatha kutenga maola ochuluka, usana ndi usiku. Akayesa n'kuona kuti kuwala kukudutsa, amatsitsa chingwe mosamala kuti chikagone pansi osapindika. Za EASSy ndi SEACOM zija zinatenga pafupifupi milungu itatu.

Eni ake ndani, nanga masetilaiti?

Chingwe chowoloka nyanja chimadya madola mamiliyoni mazana angapo. Mutu umodzi susenza denga, choncho kale makampani a mafoni a mayiko osiyanasiyana ankasonkherana, aliyense n'kutenga gawo lake. EASSy, yomwe inayamba ntchito mu 2010 kuchoka pa Mtunzini ku South Africa mpaka ku Port Sudan, inamangidwa motero. Lero ndalama zambiri zikuchokera ku Google, Meta (eni ake a Facebook ndi WhatsApp), Microsoft ndi Amazon. Google ili ndi Equiano, yochoka ku Portugal kudzera ku Togo, Nigeria ndi Namibia mpaka ku South Africa, pomwe Meta ndi anzake ali ndi 2Africa, ya makilomita 45,000 yofika m'mayiko 33. Ena amayamikira kuti zimenezi zachulukitsa njira ndi kutsitsa mtengo wogulira intaneti yochuluka. Ena akuda nkhawa kuti makampani omwewo amene ali ndi masamba amene timatsegula ndiwonso akukhala eni msewu. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo maboma ambiri akukambiranabe za nkhaniyi.

Masetilaiti nawo ali ndi malo ake. Gombe la kum'mawa kwa Africa linkadalira iwo mpaka 2009, pamene zingwe za SEACOM ndi TEAMS zinafika, ndipo amene ankalowa m'makafe a intaneti nthawi imeneyo amakumbukira kudikira kwake ndi mtengo wake. Masetilaiti akalewo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye uthenga kupita n'kubwera umatha theka la sekondi. A Starlink, amene anayamba kugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, amazungulira pafupi, makilomita mazana angapo okha, motero sachedwa choncho, ndipo amafika kumudzi kumene faiba sinafike. Koma pa kuchuluka kwa katundu sangafanane ndi zingwe, ndipo nawonso amatsitsira mauthenga pamasiteshoni apansi olumikizidwa ku faiba.

Dziko lopanda gombe

Malawi ndi Zambia sakhudza nyanja yamchere, choncho intaneti yawo imalowa ngati mmene amalowera mafuta agalimoto ndi feteleza: kudzera kwa anansi. Zingwe zapamtunda zimachoka kumagombe a Tanzania, Mozambique, South Africa ndi Namibia, zina zokwiriridwa m'mbali mwa misewu, zina zopachikidwa pamitengo ya magetsi. Dziko lililonse limene chingwe chadutsa pali wolipidwa, ndipo malipiro ake amakhala a ndalama zakunja. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimalowa mumtengo wa bandulo, pamodzi ndi misonkho, magetsi oyendetsera nsanja ndi mpikisano wa makampani.

Si zonse zimene zimafunika kuwoloka nyanja. Kuimbirana foni ndi kutumizirana ma SMS m'dziko momwemo kumathera mkati mwa malire, n'chifukwa chake kumapitirira ngakhale chingwe cha m'nyanja chitaduka. Makampani akuluakulu amasunganso makope a makanema otchuka pamakompyuta apafupi, ku Johannesburg, ku Nairobi, ngakhale m'dziko momwemo, monga wogulitsa amasungira katundu m'nkhokwe yapafupi m'malo mopita kufakitale tsiku ndi tsiku. Koma tsamba limene kompyuta yake ili ku Frankfurt ku Germany kapena ku Virginia ku America, ngakhale litakhala la bungwe la kwathu konkuno, liyenera kudzera m'madzi nthawi iliyonse mukalitsegula.

Chingwe cha 2Africa chinatera m'malo awiri ku Mozambique, pa Maputo ndi pa Nacala. Nacala ndi doko lomwe lija kumene kumathera njanji yochoka ku Malawi, makilomita oposa 600 kuchokera pamalire a Nayuchi. Kuti kuwala kochokera pamenepo kufike ku Liwonde, ku Lilongwe kapena ku Chipata, payenera kukhala faiba yapamtunda yoyenda mtunda wonsewo, ndipo kumtunda chingwe chimakumana ndi zambiri kuposa pansi pa nyanja: makina okonza misewu, madzi osefukira, moto wolusa m'tchire, khasu la mlimi wosadziwa, komanso akuba amene amachikumba usiku poyesa kuti mupezeka kopa wogulitsa, n'kupezamo timaulusi tagalasi.